Paipi Imene a Mbewe Anakana Kusainira

Mwezi watha tinakamanga chiliza pamanda a apongozi anga, a Nasoni Mbewe, kwawo ku Dambe. Mmisiri atafunsa zoti alembe pasimentipo, abale anayamba kukokana. Ena ankafuna vesi, ena ankafuna kuti palembedwe zoti anali mmisiri wa magetsi. Mkazi wanga Esinati, amene ndi mwana wawo woyamba, anangoti palembedwe dzina ndi zaka basi. Ine sindinatsegule pakamwa. Mkamwini pamanda a apongozi ake ntchito yake ndi kusakaniza simenti, ndipo ine makamaka ndinalibe nkhope yoyankhulira za munthu ameneyu. Koma chibwerereni kumeneko mtima sukukhala m'malo, nchifukwa chake ndatenga cholembera.

Anali munthu wamfupi, woonda, wa ovolosi yabuluu yochapidwa mpaka kuyera m'mawondo. Aliyense wa pa Kamwendo amene ali ndi zaka zokwanira akukumbukira pamene ankakhala: pakhonde la kuseri kwa golosale ina, moyang'anana ndi pamene pamaima makabaza. Panali benchi, bokosi la zida, ndi chitsulo chafulati chokhomedwa pakhoma, chachikulu ngati chitseko cha kabati. Chitsulocho chinali ndi mabowo m'mizere itatu, ndipo bowo lililonse linali ndi mazinga akeake, timizere tozungulira ngati ta m'kati mwa nati. Ukawabweretsera paipi kapena kachitsulo kalikonse kolumikizira, moni ankaudula pakati. Ankalanda chinthucho, kuchipukuta pa ovolosi, kuuzira fumbi, kenako kutsinzina ndi kuyamba kuchilowetsa m'mabowo aja ndi zala. Iwe ungoima pamenepo ngati wabwera ndi mwana kusikelo.

Kwa amene sadziwa ntchito imeneyi ndifotokoze pang'ono, monga mmene iwo anandifotokozera ine nthawi imene makutu anga anali otseka. M'zigayo ndi m'malo mwina momwe muli mota zazikulu, mawaya sayenda pamtetete. Amadutsa m'mapaipi achitsulo, ndipo paipi yomaliza imakalowa m'bokosi lachitsulo momwe muli swichi. Kumapeto kwa paipi kuli mazinga ngati a bawuti, ndipo m'bowo la bokosi muli mazinga ngati a nati. A Mbewe ankati mazinga amenewo ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba aliyense amaiona, kutsekereza madzi ndi fumbi. Yachiwiri ndi yobisika: waya akanyuka m'kati n'kukhudza bokosi, moto umayenera kudutsa pamazingapo, kuyenda ndi paipi mpaka pansi, kuti fyuzi ipse munthu asanagwidwe. Chitsulo chikapanda kuluma chitsulo chinzake pamenepo, moto umakhala m'bokosi n'kumadikira dzanja.

Vuto linali lakuti mazinga sanali amtundu umodzi. Mapaipi akale, a m'nyumba za atsamunda ndi m'maesiteti a fodya, anali a mainchi. Katundu watsopano amene ankalowa pamalire a Zambia m'zaka zimenezo anali wa mamilimita. Ndiye panalinso mapaipi a madzi, amene anthu ankagula poti ngotsika mtengo. Kuziyang'ana ndi maso, zonsezi n'chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kochepa kuposa chikhadabo, ndipo moyo wonse wa apongozi anga unathera pa kachikhadabo kameneko.

Lamulo lawo linali limodzi. Paipi izungulire kasanu n'kamodzi ndi zala zokha, osagwedera, osauma, ndipo pamenepo bobojani, sipanala yaikulu yomangira mapaipi, akhoza kubwera kudzamaliza. Ankakonda kunena kuti bobojani ndi wabodza chifukwa amakwatitsa ngakhale zitsulo zosafunana, pomwe zala sizidziwa kunama. Lamuloli silinkathera pantchito. Mdzukulu akatseka botolo la mafuta ophikira mopotoka, ankamuitana, kumumasulitsa, ndi kumuuza kuti ayambe wabwerera m'mbuyo pang'ono mpaka amve kuti thi, kenako apite kutsogolo. Apongozi aakazi ankati anakwatiwa ndi munthu amene sangamwe madzi asanayese chivundikiro cha mtsuko. Mwa ana awo onse, amene anatengera zala zimenezo anali Esinati. Ali mtsikana ankasiyanitsa mainchi ndi mamilimita atatsinzina, ndipo bambo ake ankamunyadira pagulu, ati mwana ameneyu akanabadwa mwamuna akanawalanda ntchito.

A Mbewe anakangana ndi anthu ambiri. Tsiku lina dalaivala wa thiraki, wa ku Chipata, anatsitsa thumba la tizitsulo tolumikizira n'kumatigulitsa pamsika. Anthu anatenga kamodzi kukawaonetsa a Mbewe, ndipo mwini thumba anawatsatira atakwiya kale.

"Imwe a mudala, ivi vonse ni vimozi, vimangena chabe," anatero dalaivalayo.

"Kulowa si nkhani, achimwene," anayankha a Mbewe osatsegula maso. "Ngakhale chala changachi chimalowa. Ine ndikufunsa ngati chikugwira."

Anakhuthula thumba lonse pakhonde n'kugawa milu itatu, uwu wa mainchi, uwu wa mamilimita, uwu wa madzi. Dalaivalayo anatukwana, koma ulendo wotsatira anabwera ndi matumba atatu osiyana. Kontirakitala wina amene ankamanga nyumba za aphunzitsi kufupi ndi Boma analibe mtima wotere. A Mbewe atamasula mabokosi amene anyamata ake anamanga mokakamiza, anawachotsa ntchito tsiku lomwelo n'kumauza anthu kuti mdala uja ndi wovuta, ntchito ya sabata amaisandutsa ya mwezi. Mbiri imeneyo inawamatirira. Zaka za matipate zitafika, aliyense akuthamangira kutsegula kenakake, anthu ankafuna mmisiri wachangu, ndipo wachangu sanali iwo.

Sanali mngelo, ndisanamizire akufa. Ankadziwa kuchititsa munthu manyazi. Sankakweza mawu, koma ankanena zoona pamene pali anthu, osaganiza kuti mwini nkhani aziika kuti nkhope yake. Ntchito anaiphunzira kumigodi ya ku Zambia ali mnyamata, ndipo kamodzi kokha anandiuza kuti kumeneko anaona mnzawo atamatirira pabokosi la pampu. Sanafotokoze zambiri. Anangoti fungo lake silinawachoke m'mphuno.

Zaka zisanu ndi chimodzi zomaliza za moyo wawo sanagwirenso waya. Ankabwerabe pakhonde lija m'mawa uliwonse, kuyesera anthu zitsulo kwaulere, koma ukawapempha kuti akakuikire magetsi ankapukusa mutu n'kukulozera kwa wina. Anthu ankati maso afooka. Ena ankati ndi manja, poti kumapeto anayambadi kunjenjemera. Ine ndi Esinati tinkadziwa chifukwa chake, ndipo chifukwacho chili padzanja lamanja la mkazi wanga, pamene zala zitatu zinapindika n'kukana kutambasukanso. Tsopano ndinene mmene zinakhalira.

Mu 1996 ndinaganiza zotsegula chigayo pa Kamwendo. Ndinali nditakhalapo zaka ziwiri pachikamwini ku Dambe, kulima m'munda mwa apongozi, kenako zaka zingapo ndikupalasa njinga ndi nyemba kupita kumalire, ndipo ndinkafunitsitsa kuti anthu asiye kunditcha mkamwini wa a Mbewe, ayambe kunditcha a Phiri a chigayo. Esiteti ina ya fodya inali ikutsekedwa n'kumagulitsa chilichonse, ndiye kumeneko ndinapeza mota ndi mtolo wa mapaipi akale koma olimba. Bokosi la swichi ndinagula latsopano kwa dalaivala wina wodutsa. Linali lotuwa, lonyezimira, lokhala ndi chogwirira chachitsulo pambali. Ndinaligoneka m'nyumba pafupi ndi mphasa yanga ngati mwana wakhanda.

Apongozi anabwera okha kudzagwira ntchito, osapempha kanthu. Masiku atatu anapinda mapaipi, kuwakhoma m'khoma, kukoka mawaya. Chimanga chinali chitayamba kuuma m'minda ndipo ine ndinkafuna kutsegula anthu asanayambe kukolola. Tsiku lachinayi kunatsala chinthu chimodzi, kulowetsa paipi yomaliza pamwamba pa bokosi. Anzanga a malonda anali atabwera kudzaona, mwina asanu, ataima pakhomo. A Mbewe anapukuta paipi, kuuzira, kutsinzina. Anazunguza kamodzi, kawiri, katatu. Kenako anaima.

"A Phiri, bokosi ili munaligula kuti?"

"Kwa a thiraki, bambo. Ndi latsopano."

"Ndaona kuti ndi latsopano. Ndi la mamilimita. Paipi yanuyi ndi ya mainchi."

"Koma yalowa, bambo."

"Yalowa, inde. Tabwerani muigwedeze."

Ndinaigwedeza. Inkasewera pang'ono, ngati dzino la mwana lofuna kuguluka. Ndinati bobojani amaliza zimenezo. Iwo anati bobojani angophwanya mazinga, ndipo pakufunika kachitsulo kolumikizira, mbali ina mainchi mbali ina mamilimita, kamene pa Kamwendo kapena pa Boma sikapezeka. Anati akudziwa munthu ku Lilongwe amene angakasule pamakina, koma zitenga masabata awiri kapena atatu. Masabata atatu, nthawi yokolola! Ndinawachonderera kuti angosaina chikalata, a magetsi adzalumikize, kachitsuloko tidzaika kakabwera.

"Dzina langa sindiliika pa chinthu chogwedera," anatero, n'kuyamba kulongedza zida. "Mukanandifunsa musanagule, a Phiri. Kunyezimira si kukwana."

Mmodzi wa anzanga aja anaseka, kaphwete chabe, koma ndinakamva. M'mutu mwanga simunalinso za mazinga. Ndinkangomva ngati mdalayo wandikumbutsa pamaso pa anthu kuti ndine yemwe uja anabwera pamudzi pake ndi bulangete limodzi.

Atangochoka ndinatenga jumbo ya shuga, kung'amba kansalu kake kotalika, n'kukulunga pamazinga a paipi kangapo, mmene ndinkaonera okonza mipope akuchitira. Ndinalowetsa, kuika bobojani, kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Paipi inaima nji, yosagwedezeka ngakhale pang'ono. Ndinadziona ngati ndatulukira nzeru imene mdala wa zaka makumi atatu pantchito analibe. Sindinkadziwa kuti ndaika pulasitiki pakati pa chitsulo ndi chitsulo, pamalo penipeni pamene moto umayenera kuthawira. Kapena ndinene zoona: anali atandiuza, koma ndinasankha kusadziwa. M'mawa mwake ndinakatenga mmisiri wina ku Boma, amene anagwedeza paipi ndi dzanja limodzi n'kusaina osavula ndi jekete lomwe.

Tsiku lotsegulira apongozi sanabwere. Anabwera patatha masabata atatu, tsiku la msika, chigayo chitadzaza azimayi mpaka panja. Anaima pakhomo, osaponda m'kati, atanyamula kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Ndinatuluka ndili mbuu ndi ufa.

"Kachitsulo kaja aka," anatero. "Muzimitse ola limodzi lokha. Ndiika, ndizipita."

"Bambo, chigayo chikuyenda. Anthu onsewa ndiwauze chiyani?"

"Ndiye ndibwere Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Ngati simukufuna ndimasule paipi, ndiloleni ndiike kawaya kamodzi kolumpha pamenepo."

Ndikanangoti chabwino. Palibe chimene ndikanataya. Koma azimayi anali atasiya kucheza n'kumamvetsera, ndipo m'kamwa mwanga munatuluka mawu amene ndakhala ndikuwameza kwa zaka khumi ndi ziwiri osatsika.

"Ntchito inatha, bambo, anasaina ena. Kuno si kumunda kwanu."

Anandiyang'ana, kuyang'ana bokosi lija kudzera pakhomo, n'kuika kanthu kaja m'thumba la ovolosi. Anabwerera pakhonde lawo, pamene ukakhala pabenchi umaona denga la chigayo changa bwinobwino.

Zaka zisanu chigayo chinayenda popanda vuto. Zaka zisanu! Ndinamanga nyumba ya malata, ana analowa sukulu yabwino, ndipo anthu anayambadi kunditcha a Phiri a chigayo. A Mbewe chimanga chawo ankachikweza panjinga n'kukagayitsa kwina, kudutsa pakhomo panga penipeni, ndipo anthu ankawaseka poyera. Ankati taonani kuuma mutu, ufa waulere uli kwa mwana wawo koma akukafola kwa eni. Ine ndinkaseka nawo. Tinkapatsana moni kutchalitchi ndi pamaliro, moni wouma wa anthu odziwana bwino.

Koma sanaleke. Mvula yoyamba ikangogwa, uthenga unkabwera kudzera kwa Esinati. Musagwire bokosi ndi manja onyowa. Muzivala nsapato. Ana asayandikire. Chaka china anabweretsa thabwa lochindikala la mlombwa n'kulisiya panja, ati tiliike pansi pa bokosi kuti wozimitsa azipondapo. Ine ndinaliika panjerwa ziwiri n'kulisandutsa benchi ya odikira. Esinati anali pakati pathu ngati chingwe chokokedwa uku ndi uku. Kamodzi kokha anandiuza maganizo ake, tikudya.

"Bambo a Chisomo, bambo anga ali ndi zovuta zawo, koma pa zitsulo sanama."

Ndinamuuza kuti ngati akufuna kubwerera ku Dambe njira akuidziwa. Sanayambitsenso nkhaniyo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinkachiopa zaka zonsezo. A Mbewe anali ndi laisensi ndipo ku ofesi ya magetsi ankawadziwa. Akanangopita kukatsina khutu kumeneko, anthu akanabwera, kumasula paipi, kupeza jumbo yanga, n'kudula moto. Galimoto ya magetsi ikaima pa Kamwendo, ndinkaisuzumira pakhomo mpaka itachoka. Koma sanapite. Ine ndinkati mdala wagonja.

Mu February 2001 mvula inagwa masiku anayi osalekeza. Denga la chigayo linkadontha pamwamba penipeni pa bokosi, ndipo madzi ankatsetsereka ndi paipi. Tsiku limenelo masana ndinali nditapita ku Boma kukagula sefa. Zimene zinachitika ndinachita kumva. Lamba anavuka mota ikuyenda, mnyamata wanga wogaya anakuwa kuti wina azimitse, ndipo amene anali pafupi anali Esinati, atangolowa kuchokera pamvula, patapata atawasiya pakhomo chifukwa cha matope. Anagwira chogwirira chija. Kunjenjemera kwa chigayo kwa zaka zisanu kunali kutanyula waya m'kati, ndipo bokosi lonse linali moto. Fyuzi siinapse. Anamatirira pamenepo osatha ngakhale kukuwa. Azimayi anathawira panja, kupatula mmodzi wa ku Dambe amene anasolola thabwa limene anakhalira n'kumumenya nalo pamkono mpaka anagwa. Linali thabwa lija la mlombwa.

Ndinawapeza kuchipatala cha pa Boma. Esinati anali moyo, dzanja litakulungidwa, akulephera kuyankhula bwino. Apongozi anali panja pa wodi, atakhala pansi pakhonde, ovolosi itanyowa mpaka m'chiuno. Ndinaima patali ndithu. Ndinkayembekezera kuti andilalatira pamaso pa anthu onse, ndipo kunena zoona ndinkafuna atatero. Akanandimenya mbama ndikanawathokoza. Anangosuntha pang'ono kundipatsa malo, ndipo ndinakhala.

"Bambo," ndinayamba, koma iwo anandidula.

"A Phiri, inu simunkadziwa," anatero akuyang'ana mvula. "Munkangomva mdala akulongolola. Wodziwa ndinali ine."

"Ndinakulunga jumbo ndine, bambo."

"Ndinadziwa tsiku lomwe ndinabwera ndi kachitsulo kaja. Paipi imene ija sikanaima yokha. Kawiri konse ndinafika pakhomo pa ofesi ya magetsi. Kawiri konse ndinabwerera. Ndinati akadula moto, mwana wanga adya chiyani, ndipo banja lake likatha anthu adzati ndathetsa ndine. Ndinaopa kuti adzagona ndi njala, ndiye ndinamusiya agwire moto. Kwa anthu a eni ndinkamasula mabokosi osapempha chilolezo. Kwa mwana wanga ndinatumiza thabwa."

Sindinaonepo munthu wamkulu akulira mmene analirira, osatulutsa mawu, misozi ikungotsika ndi kulowa m'kolala. Mpaka lero ndikakumbukira ndimamva kuwawa pachifuwa, chifukwa anatenga mlandu wanga n'kuusenza okha, ndipo sanandisiyireko ngakhale pogwira.

Patapita masiku atatu anabwera kuchigayo. Aka kanali koyamba kuponda m'kati chichokereni tsiku lija. A magetsi anali atadula moto. Anamasula paipi, ndipo kansalu ka jumbo kanatuluka katafinyika, kakuda ndi dzimbiri, zilembo za shuga zikuonekabe. Sanandionetse. Anakapinda n'kukaika m'thumba. Anasintha waya wonyuka, kupukuta m'bokosi, kenako anatulutsa kanthu kaja, kali m'nyuzipepala yomwe ija, itachita chikasu. Zaka zisanu ankayenda nako. Anandipatsa ine.

"Lowetsani nokha. Ndi zala. Muziwerenga."

Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono mpaka ndinamva kuti thi, ndiye ndinapita kutsogolo. Kanayenda mofewa ngati pali mafuta, kosagwedera, kosauma. Ndinawerenga mokweza ngati mwana wa sukulu mpaka sikisi. Anandipatsa bobojani kuti ndimalize, anamanga paipi mbali inayo, anayesa ndi mita yawo, n'kugwedeza mutu. Ntchito yonseyo siinakwane ndi ola lomwe. Analongedza zida, ndipo imeneyo inali ntchito yawo yomaliza.

Esinati atatuluka m'chipatala ndinatenga ankhoswe anga ndi mbuzi kupita kukapepesa. Anatilandira bwino, mbuzi inaphedwa, tinadya. Nkhoswe atayamba kuyala nkhani, a Mbewe anakweza dzanja n'kunena kuti palibe mlandu pakati pa iwo ndi mkamwini wawo. Ankhoswe anasangalala kuti zatha msanga. Ine ndinabwerera ndi katundu wanga yense, ndipo ndikanali naye. Kuyambira pamenepo chimanga chawo ankagayitsa kwathu. Ankakhala pathabwa lija, limene tsopano ndinali nditaliika pamalo pake pansi pa bokosi koma iwo ankalikokera pambali, n'kumayang'ana Esinati akuthira ufa m'thumba ndi dzanja lamanzere. Nthawi zina ndinkaona zala zawo zikuyenda zokha pabondo, ngati zikuzunguza chinachake.

Esinati sanandinenepo, ndipo bambo ake sanawanenepo. Anaphunzira kumanga chitenje, kusenda mbatata ndi kulemba dzina lake ndi kumanzere. Chimene chimamuvuta mpaka lero ndi kutsegula botolo. Amalipana m'khwapa n'kumalimbana nalo, ndipo ndikafuna kumuthandiza amatembenuka. Bambo ake anaona zimenezo kamodzi pachakudya cha Khirisimasi, anadzuka n'kutuluka panja, ndipo mbale yawo inabwerera yosakhudzidwa.

A Mbewe anatisiya chaka chatha, mwezi wa July, atadwala chifuwa masabata awiri okha. Apongozi aakazi atatsegula kachitini kamene ankasungiramo mapepala ofunika, anapezamo laisensi yawo, khadi la ubatizo, ndi kansalu ka pulasitiki kopindidwa bwinobwino. Anafunsa kuti kodi chinyalala ichi chikutani muno. Esinati anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Anakatenga iye, ndipo kumene anakaika sindinafunse.

Khonde lija lilipobe. Benchi inapita kumudzi, bokosi la zida anatenga mwana wawo wamwamuna amene ali ku Lilongwe, ndipo kumapeto kwa khondelo kuli mayi wina wogulitsa mayunitsi a foni pansi pa ambulera. Pamene pankakhala benchi simenti ndi yoyererapo, ndipo pali timaenje tinayi pamene miyendo yake inkaponda. Chitsulo cha mabowo chikadali pakhoma. Mwini golosale anayesa kuchichotsa koma mabawuti anamukanika, ndiye anangochisiya. Chayamba dzimbiri, ndipo m'mabowo a mzere wapamwamba mavu amatamo dothi. Amisiri a masiku ano amagwiritsa mapaipi a pulasitiki omata ndi guluu, moti ambiri odutsa pamenepo sadziwa kuti chitsulocho n'chachiyani.

Lachitatu lapitali, ndikuchokera kokwerera minibasi, ndinaona Esinati ataima pakhondepo yekha, dengu lili pansi. Sanandione. Anali atatola kamtengo n'kumakolokosa dothi la mavu m'mabowo, limodzi limodzi, n'kumauzira fumbi mmene ankachitira bambo ake. Atamaliza anatsinzina, n'kukweza dzanja lamanja kuti apapase mazinga. Zala zopindika zija zinangogunda pachitsulo. Anaima choncho kanthawi, kenako analitsitsa, kulibisa m'chitenje, n'kusenza dengu lake.

Ine ndinadikira kuseri kwa makabaza mpaka atakhota. Ndiye ndinapita pakhondepo n'kulowetsa chala m'bowo la mainchi, kenako la mamilimita, kubwereza kangapo nditatsinzina. Sindinamve kusiyana kulikonse, ndipo panalibenso woti ndimufunse.